Mphindi Zitatu Zomaliza za Kanema wa Bambo

4 Meyi

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ife kuno tili bwino, apongozi anu akupereka moni. Shuga wa bambo ali bwanji? Amayi, mundiuze zoona, osati zija za "ali bwinoko" pomwe munthu akudya zotsekemera mobisa.

Nkhani ndi iyi. Kuntchito kwathu, ku holo yoonetsera kanema, kwabwera zipangizo zatsopano zothandiza anthu osaona ndi osamva. Cha osamva ndi kagalasi kamene timakamangirira pa mkono wa mpando, ndipo mawu onse olankhulidwa amalembedwa pamenepo. Cha osaona ndi kabokosi kakang'ono ngati sopo, kokhala ndi zovala m'makutu. Anthu a m'kanema akakhala chete, m'makutumo mumamveka mayi wina akufotokoza zimene zikuoneka: uyu watsegula zenera, uyu akupukuta misozi, kunja kukugwa mvula. Wokhala pambali pako samva kanthu.

Abwana anati tisankhe kanema mmodzi wakale woti tiyambire, ine ndinaimika dzanja msanga. Ndinatchula uja wa bambo, wa munthu wogwira ntchito ku njanji amene anaduka miyendo, uja mumaonera pa chimbale Lamlungu masana. Avomera, ndipo mawu ofotokozawo ajambulidwa kale m'chinenero chathu. Tsiku lotsegulira ndi Loweruka pa 7 Juni, 2 koloko masana. Ndakusungirani mipando iwiri pakati penipeni.

Bambo, mudzamumva kanema wanu pa masipika aakulu ngati chitseko. Amayi, inunso mudzapumeko, mudzangopinda manja n'kuonera ngati bwana. Zaka khumi ndi chimodzi mukufotokozera munthu kanema, pakamwa pamauma.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa ndikudziwa kuti bambo amakonda kuwerengeredwa kawiri. Ndapatsira a Pompano, adalaivala a basi ya m'mawa.

Ndine mwana wanu.

9 Meyi

Mwana wanga,

Landira moni wochokera kwa ine ndi bambo ako. Tili bwino. Shuga tinakayezetsa Lachiwiri, anamwino akuti watsikako. Zotsekemera ndinaziika pamwamba pa kabati, kuseri kwa mapoto, koma mphuno za bambo ako ukuzidziwa.

Kalata yako ndawawerengera katatu. Akuti ndilembe chonchi: "Umuuze mnyamatayo kuti wachita zaumunthu. Jekete langa lakuda lichapidwe." Chiyambire tsiku limenelo, aliyense wobwera kudzalukitsa mpando sachoka asanamve kuti iwo akupita kukatsegulira holo. Atelala oyandikana nafewa auzidwa kanayi, pano akangowamva akutsokomola amapondereza makina.

Mawu awo athera pamenepa. Otsatirawa ndi anga, ndipo usadzawatchule pa foni. Nyumba ino ndi ya zipinda ziwiri, ndipo makutu a bambo ako amamva ngakhale ndikamalowetsa ulusi pa singano.

Kodi sizingatheke kusintha kanemayo? Ujatu ndi wakale, amamudziwa pamtima. Bwanji osasankha wina woseketsa, munthu akamveko zatsopano? Ndilinso ndi mafunso. Kabokosiko kamanena zonse, kapena kamasiyako zina? Mayi wolankhulayo anaonera kanemayo mpaka kumapeto? Munthu angakazimitse pakati ngati mutu wayamba kumupweteka? Batani lake lili mbali iti? Undiyankhe funso lililonse palokha, usaphatikize.

Komanso ulendo wa maola anayi ndi munthu wa shuga si masewera. Mapiritsi amamwa 7 koloko atadya, pomwe basi ya a Pompano ikafuna imanyamuka 6 koloko, ikafuna 9 koloko. Uganize bwino.

Ukamayankha ulembe mapepala awiri, lina lowawerengera iwo, lina langa.

Ndine mayi ako.

16 Meyi

Amayi, ili ndi pepala lanu. La bambo ndi linalo.

Kalata yanu ndinawerengera apongozi anu, tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Mafunso ngati a kupolisi. Ndiyankha monga mwalamulira. Loyamba: kamanena zonse zooneka, sikasiya kanthu, ndiyo ntchito yake. Lachiwiri: mayiyo anaonera kasanu, mzere uliwonse anauyeza ndi wotchi kuti ulowe pamene anthu akhala chete. Lachitatu: kamazimitsika. Lachinayi: batani lili kumanja, koma bambo sadzalifuna.

Ine ndakutulukirani, Amayi. Mukuopa kuti kabokosi kakulandani ntchito, mkazi wina azinong'oneza amuna anu m'khutu inu muli pompo. Mtima m'malo, mayiyo ali ndi zidzukulu zisanu ndipo amayenda ndi ndodo. Akabwerera kunyumba bambo adzakhalabe anu, kabokosi kadzatsala kuno.

Za ulendo musavutike. Mudzabwere Lachisanu, mudzagone kwathu, mapiritsi adzamwera m'basi. Kusintha kanema popanda chifukwa chenicheni abwana sangandimvetse, adzati ndine mwana.

Sabata yatha ndinamuonera mpaka kumapeto, koyamba m'moyo wanga. Paja kunyumba ndinkagona ali pakati. Ndi wachisoni kwabasi, sindikudziwa chimene bambo amamukondera chonchi.

Mwana wanu.

19 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Tili bwino. Kalata ino bambo ako sakuidziwa. Ndalembera kwa atelala, pa tebulo lawo lodulira nsalu, ndanena kuti ndapita kukabwereka sizasi. Usawerengere mkazi wako ngati ija. Ukatha uiwotche.

Wati ukufuna chifukwa chenicheni. Ndi ichi.

Iwe waona mathero a kanemayo. Mphindi zitatu zomaliza palibe wolankhula. Mkazi wa munthu woduka miyendo uja amatenga sutikesi, amatuluka, amakaima pamsewu. Basi imabwera, imaima, imanyamuka. Kenako chitseko cha nyumba chimalira. Iwe ukudziwa kuti mkaziyo amakwera basiyo, ndipo chitsekocho amatsegula ndi mwamuna, atadzikankha pa njinga yake ya olumala, n'kupeza msewu uli zii.

Bambo ako sadziwa zimenezo. Tinamuonera koyamba patatha miyezi inayi maso awo atazima. Iwe unali kusukulu. Masiku amenewo sankadya, sankasamba, zida zawo zowotcherera zitsulo anali atauza anthu kuti angotenga. Basi ija itanyamuka anandigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Wakwera?" Ndinayang'ana nkhope yawo. Ndinati, "Ayi, basi yapita yokha, iye waima ndi sutikesi yake." Chitseko chitalira ndinati, "Ndi iyeyo, walowa." Tsiku limenelo anadya, anapemphanso madzi osamba.

Ndinkati ndidzawauza akadzalimba mtima. Koma Lamlungu lotsatira anati timuikenso, ndipo anayamba kufunsa zambiri. Ndinayamba kuwonjezera. Ndinati amavula nsapato pakhomo kuti asapange phokoso. Ndinati amabwezera sutikesi pansi pa bedi. Ndinati mwamunayo amanamizira kugona koma akumwetulira. Zonse ndinalemba m'kope kuti ndisamasemphanitse, chifukwa bambo ako ukasintha liwu limodzi amakugwira. Pano amazinena okha ine ndisanatsegule pakamwa.

Ndiye mwana wanga, ndakugwira mwendo. Sintha kanemayo, kapena ulembe kuti zalephereka, ine ndidzadziwa mowatonthozera. Chiyambire ntchito sindinakupemphepo kanthu kolemera. Undiyankhe ndi basi ya mawa lomweli.

Ndine mayi ako.

28 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Masiku asanu ndi anayi ndakhala ndikupita pa siteji m'mawa uliwonse, yankho lako osaoneka. Ndikafunsa a Pompano amati, "Ndinapereka, mayi, ayankha pompano." Lero ndinakwera ndekha m'basimo iwo akumwa tiyi. Kalata yanga ndaipeza kuseri kwa chotchingira dzuwa, pamodzi ndi chipeso ndi mapepala a mafuta. Yosatsegula, ndayang'ana bwinobwino.

Ndaiika mu envulopu imodzi ndi ino, ndapatsira mayi wina wogulitsa nsalu amene akubwera konko, ndipo ndamuuza kuti akupatse m'manja. Uyambe kuwerenga ya pa 19. Kwatsala masiku khumi. Jekete lachapidwa, lasitidwa kawiri, lili pa msomali ndipo amaligwiragwira akamadutsa.

Mayi ako.

2 Juni

Amayi,

Makalata onse awiri ndalandira. Ndawerenga ndekha, ndawotcha monga munanenera. Musadandaule, zonse ndakonza. Bambo sadzamva chimene simukufuna kuti amve. Ingobwerani Lachisanu, ndidzakuchingamirani. Pepani ndalemba mwachidule, ntchito yatipanikiza.

Mwana wanu.

9 Juni

Kwa iwe,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa. Ndafika bwino, ndekha. Atelala anandifunsa kuti abambo ali kuti, ndinati atsalira kuti akaonane ndi adokotala. Waona, bodza likangoyamba limabereka ngati mbewa.

Iwe unali m'mwamba kuchipinda cha makina, ndiye sunaone. Ndikuuza kuti udziwe chimene unachita.

Unandilembera kuti zonse wakonza. Lachisanu tikudya kwanu ndinakufunsa ndi maso, unagwedeza mutu. Ndinagona tulo koyamba mwezi wathunthu. Loweruka titangolowa pakhomo la holo ndinaona chithunzi chachikulu pakhoma, mkazi yemwe uja, sutikesi yomwe ija. Ndinakufunsa kwa anthu atatu, onse anati watanganidwa.

Mayi wogawa zipangizo anatikhazika pansi, anawaveka bambo ako za m'makutuzo, anawagwiritsa batani. Kenako abwana ako anabwera ndi maikolofoni. Anati, "Bambo, tamva kuti kanemayu mumamukonda kwambiri. Tatiuzani chifukwa chake." Bambo ako anaimirira, anakonza jekete. Anati, "Ndamuonera kosawerengeka ndi maso a akazi anga awa. Ndimamukonda chifukwa amaonetsa kuti mkazi angathe kufika pa siteji, basi n'kuima, iye n'kuisiya, n'kubwerera kunyumba kwa mwamuna wake." Ena anaomba m'manja. Ena amene amamudziwa kanemayo anayang'anana. Bambo wina kumbuyo kwathu ananena chapansipansi kuti, "Amdala asokoneza mafilimu." Bambo ako anamva, anangoseka, poganiza kuti wosokoneza ndi winayo.

Maola awiri ndinakhala manja ali pamiyendo. Milomo yanga inkayenda yokha. Nthawi zina ankandigunda ndi chigongono n'kunong'ona kuti, "Uyu akuyesetsa, koma inu mumaposa." Mkazi uja atatenga sutikesi, pa kabokosi panayaka kanyali kofiira, bambo ako anati, "Kazima." Mumtima ndinati Mulungu wandikumbukira. Ndinasendera kukhutu kwawo. Ndisanatsegule pakamwa, mayi wogawa uja anali atafika kale ndi kena. Anawavula, anawaveka, mwaulemu ndi mwachangu. Basi inali isanatulukire n'komwe.

Sindinamve zimene kananena. Ndinangoona dzanja lawo likuchoka pa dzanja langa, pang'onopang'ono, ngati munthu wobweza chinthu chimene wazindikira kuti si chake.

Magetsi atayaka abwana ako anabweranso ndi maikolofoni. Bambo ako sanaimirire. Anati, "Zikomo. Chipangizochi chimanena zoona." Anangonena zomwezo, anthu n'kuombanso m'manja.

Zotsalazo unaziona. Pa masitepe anakana mkono wanga, anagwira wa mkazi wako. Dzulo m'mawa anati iwo sakubwerera nane.

Ndikufunsa chinthu chimodzi. Ukanandilembera kuti kanema sasinthika, ndikanawauza ndekha, m'nyumba mwathu, chitseko chotseka, ndi pakamwa panga. Ndinali ndi masiku asanu. Unandilanda. Chifukwa chiyani?

Mapiritsi oyera ndi a m'mawa, achikasu ndi a madzulo. Tiyi wopanda shuga, ngakhale akalipe. Zala za kumapazi uziziyang'ana tsiku lililonse, samva akavulala.

Mayi ako.

12 Juni

Amayi,

Moni. Kalata yanu ndawerenga, ndipo sindikana kuti ndinalakwa.

Kanema sakanasinthika. Mawu ofotokoza m'chinenero chathu alipo a kanema yekhayu, zithunzi zinali zitamatidwa kale, ndipo amene anamusankha pamaso pa anzanga onse ndi ine. Ndinaopa kukuuzani chifukwa ndinkadziwa kuti mukana kubwera. Mipando iwiri ikanakhala yopanda anthu, abwana atauza kale alendo kuti bambo anga adzalankhula. Zoti adzawafunsa funso limene lija sindinkadziwa.

Kanyali kofiira kaja sanali Mulungu, ndinali ine. Masiku atatu ndinkayesa batire la kabokosi kamodzi, kulitchaja pang'ono, kuwerenga mphindi, kubwerezanso, mpaka ndinapeza muyeso woti lithe mkazi akamatenga sutikesi. Ndinkati kakazima mudzamalize ndinu monga mwa masiku onse. Ndinaiwala za mayi wogawa uja. Ndinamuphunzitsa ine ndemwe kuti akaona kofiira asadikire kuitanidwa.

Bambo ndawauza zimenezinso. Anati, "Ndiye munali awiri." Chiyambire pamenepo sandilankhula, amalankhula ndi apongozi anu okha. Ndikalowa m'nyumba amadziwa mapazi anga, amatembenuzira nkhope kukhoma. Akudya pang'ono. Tsiku lonse amakhala pakhonde, manja alibe chogwira.

Koma Amayi, mundilole ndinene. Bodzali sindinaliyambe ndine. Ine munandisenzetsa masiku asanu ndipo ndinaligwetsa. Inu munalisenza zaka khumi ndi chimodzi, kodi munkaganiza kuti lidzatulidwa kuti?

Mwana wanu.

15 Juni

Amayi, ndine mpongozi wanu. Abambo andiuza kuti ndilembe mawu awo monga akutulukira, ndipo ndikatha ndiwawerengere kuti amve ngati sindinasinthe. Ali m'munsiwa ndi awo.

Mayi a kunyumba,

Moni. Mipando itatu ya aphunzitsi ili kuseri kwa chitseko, ndinamaliza, akabwera muwapatse.

Ine ndinali wowotcherera zitsulo. Ndimadziwa kuti pamene pawotchereredwa mwachinyengo, n'kupakidwa penti pamwamba, pamaoneka bwino mpaka tsiku limene munthu waponda. Ine ndaponda pamaso pa anthu odzaza holo, nditavala jekete.

Za mkazi wa m'kanema sizikundipweteka. Akwere basi yake, si m'bale wanga. Chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Zaka zonsezi, chilichonse chimene ndikudziwa chinadzera pakamwa panu. Mukati kumwamba kuli mitambo, kwa ine kuli mitambo. Mukati mpando ndaluka bwino, ndimagona wokondwa. Mukati uyu wakusekererani, ndimamusekerera. Tsopano ndakhala pakhonde la eni ndikutola chimodzichimodzi n'kumadzifunsa, ichi chinali choona? Nanga ichi? Shuga anandilanda maso kamodzi, inu mwandilanda kachiwiri.

Ndiye mundilembere zonse zimene maso anu anasintha. Ndikudziwa kuti muli ndi kope, ndimakumvani mukamalemba, ndinkayesa ndi la mapiritsi. Mpongozi adzandiwerengera, iyeyu sadumpha mizere. Ndikamva ndidzaona ngati ndibwere kapena nditsale konkuno. Mukabisa chimodzi, ine n'kudzachitulukira patsogolo, musadzandifunsenso chifukwa.

Ndatha ine mwamuna wanu.

Amayi, ndiwonjezere panga. Mapiritsi akumwa, mapazi ndikuyang'ana. Tiyi ndikuwapatsa monga munanenera, akuti ndine wankhanza ngati inu.

21 Juni

Bambo a kunyumba,

Moni. Mipando aphunzitsi atenga, ayamikira. Mpongozi wanga, werenga zonse, ngakhale pamene pakuchititse manyazi. Usafulumire, amakonda kuti munthu azipuma pa mzere uliwonse.

Ndakhala masiku anayi ndikutsegula kope ndi mutu wanga womwe. Nazi.

Mipando mumaluka bwino, zimenezo n'zoona. Koma chaka choyamba isanu ndi umodzi inali yokhota. Ndinkanena kuti eni ake atenga, pomwe ndinkapita nayo kwa munthu wina woluka kumsika kuti amasule n'kuyambiranso. Kuyambira chaka chachiwiri sindinakhudzepo mpando wanu.

Chikwangwani cha dzina lanu pa shopu yanu yakale, ndimakuuzani kuti chikadalipo, changosuluka. Anachichotsa chaka chomwe maso anu anazima. Pano pamagulitsidwa matayala.

Pa maliro a mng'ono wanu ndinati anthu anadzaza bwalo mpaka kumsewu. Analipo osakwana makumi atatu, ndinawerenga.

Makalata a mwana wathu ndinkadumpha pamene akudandaula. Pamene sanakutchuleni ndinkaikapo moni wanu. Zimenezi zinachitika kasanu ndi kawiri.

Tsitsi lanu ndi loyera mutu wonse, osati m'mbali mokha. Langanso chimodzimodzi. Diresi la buluu limene mumati ndizivala tikamapita koyenda linang'ambika zaka zisanu zapitazo. Atelala anandisokera lina la nsalu yofanana pogwira, mabatani omwewo, koma ndi lofiirira. Ndi limene ndinavala ku holo.

Chatsala chimodzi, sichili m'kope. Mwezi wachitatu maso anu atazima, tsiku lija munaswa mbale n'kunditukwana kuti ndikukusekani, m'mawa mwake ndinati ndikupita kumsika. Ndinatenga sutikesi. Ndinakaima pa siteji kuyambira 6 koloko mpaka 11. Ndikanakonda kulemba kuti basi inaima ine n'kuisiya. Sinabwere. Inafera panjira, ndinamva pambuyo pake. Ikanabwera ndikanakwera. Ndinabwerera chifukwa dzuwa linawawa ndipo anthu anayamba kundiyang'ana. Sutikesi ndinaisiya kwa atelala, ndinalowa m'nyumba, ndinakuphikirani.

Ndiye patatha mwezi, pamene munandifunsa kuti "Wakwera?" sindinanamize inu nokha. Ndinkafuna mkazi mmodzi, ngakhale wa m'kanema, amene anabwerera mwa kufuna kwake.

Palibenso china. Ndafufuza m'mutu mwanga mpaka pansi. Mukasankha kutsala konko sindikutsutsani, mungondiuza kuti ndikutumizireni zovala ndi zida zanu zolukira, manja asakhale chabe.

Mwana wathuyo musamuuze kuti ndamukhululukira, chifukwa sindinatero.

Ndine mkazi wanu.

27 Juni

Mayi a kunyumba,

Moni. Mpongozi wawerenga kawiri. Atafika pa chikwangwani ndinamuuza kuti aime kaye. Chimenecho chandiwawa, chifukwa zaka zonsezi ndakhala ndikulondolera anthu kuti, "Mukaona dzina langa mukhotere kumanja." Kaya angati anasochera.

Za sutikesi ndinkadziwa. Wopita kumsika sakoka chinthu pansi pa bedi, ndipo sasiya mahang'ala akugundana okhaokha. Ndinakhala pa mpando maola asanu ndikumvetsera kumsewu. Zoti basi inafera panjira sindinkadziwa. Ndinkayesa kuti munaisiya dala, ndipo kanema uja ndinkamukonda chifukwa ndinkati akunena za inu. Tsopano ndatayanso chimenecho, koma ndinapempha ndekha.

Ndakhala ndikuganiza pakhonde pano. Basi imeneyo inakonzedwa. Mawa lake inadutsa, ndinamva hutala yake. Yakhala ikudutsa m'mawa uliwonse zaka khumi ndi chimodzi, inu muli m'nyumba mukundiwiritsira madzi. Ichi sanandiuze munthu, ndinamva ndi makutu anga, ndiye pakali pano ndi chokhacho chimene ndikukhulupirira.

Ndibwera Lachiwiri ndi basi ya masana. Musaganize kuti zatha. Makalata azindiwerengera aphunzitsi aja. Mukandiuza chinthu ndizifunsanso munthu wina, inu muli pompo, ndipo musadzakwiye. Sindikudziwa kuti zidzatenga nthawi yaitali bwanji. Chimbale chija ndisadzachipeze m'nyumba.

Mudzandichingamire pa siteji. Mudzavale diresi lofiiriralo. Zaka zisanu ndakhala ndikuyenda ndi mkazi wovala buluu amene kulibe, ndikufuna ndiyambe kumudziwa winayo.

Ndatha ine mwamuna wanu.